Mikunga ya Kunsi kwa Mlatho

Johannesburg,
14 Febuluwale 1904

Wokondedwa mkazi wanga Thirza,

Landira moni wanga, iwe ndi mwana wathu Keziah. Ndikhulupirira muli bwino nonse, ndi nkhumba yomwe. Ine kuno ndili bwino, ndikudya za anthu awiri.

Ndinafika, ndipo ntchito ndayamba. Silas Spry, mnzanga uja tinkakumba naye mgodi wa kwathu usanatsekedwe, anadzandichingamira kusiteshoni. Atangondiona anakuwa kuti, "Jabez Doidge! Nawenso njala yakusamutsa? Ine ndimati iwe udzafera m'kamtsinje kako kaja!" Ndinamuyankha kuti kamtsinjeko ndakasiya m'manja mwa mkazi, ndiye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Tikugona chipinda chimodzi. Andipatsa makina obowolera miyala, chifukwa ndiwo ali ndi malipiro abwino. Pansipo ndi pouma, fumbi lokhalokha, si ngati kwathu kumene tinkagwira ntchito madzi ali m'mawondo.

Kalatayi umuwerengerenso Keziah. Wakula tsopano, adziwe chifukwa chimene bambo ake achokera pakhomo. Mwanawe, nyumba yathu ya pa biyo, pa mpanda uja wotchingira nsomba mumtsinje, si yathu ayi, ndi ya a kunyumba yaikulu. Agogo anga anaibwereka mwa mwambo wa kwathu, pa miyoyo itatu. Pa pangano analembapo mayina atatu: bambo anga, mchemwali wanga Grace, ndi ine ndili khanda. Mmodzi mwa atatuwo akamapumabe, nyumba ndi biyo ndi zathu. Womaliza akangotsikira kulichete, a Prowse, kapitawo wa eni malo, abwera kudzatenga makiyi. Bambo anapita, Grace anapita, ndatsala ndine. Denga limene mukugonamolo lakhala pa chifuwa changa. Kuti alembepo dzina lako akufuna mapaundi makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndalama zimenezo ku Devon kulibe.

Tsopano za mtsinje, Thirza, chifukwa ndikukudziwa, uyamba nzeru zako. Wennick ndi waufupi, munthu amautsata kuchokera kugwero mpaka kukathira mu mtsinje waukulu wa Tamar dzuwa lisanalowe. Koma ndi mitsinje iwiri. Kumtunda, kuchokera m'dambo la paphiri, kudutsa pachigayo ndi pa Dziwe la Akavalo mpaka pa biyo lathu, ndi madzi amoyo. Kunsi kwa mlatho, pamene ngalande ya mgodi imathira, ndi madzi akufa. Ine ndinabadwa ali achikasu, ndipo ngakhale chule sakhalamo. Miono yako yonse izikhala kumtunda kwa mlatho. Msondodzi udule kalatayi ikangofika, usanaphuke, ndipo pakamwa pa mono uluke mothina, osati mmene umalukira dengu la mazira.

Ndatumiza mapaundi atatu. Ugule malasha ndi nsapato za mwana, zotsalazo ziponye m'chitini.

Ndine mwamuna wako,
Jabez

Johannesburg,
19 Juni 1904

Wokondedwa Thirza,

Moni kwa nonse awiri. Kalata yako ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chimfine cha Keziah chatha. Ine ndili bwino. Inu kumeneko muli ndi dzuwa, ife kuno ndi nyengo yachisanu. Mphepo imanyamula fumbi la pa milu ya mgodi n'kulithira ndi m'tiyi momwe. Zinthu ndi zodula mochititsa manyazi, mtengo wa dzira limodzi ungadzaze nawo dengu kwathu kumsika wa Tavistock.

Ukuti miono ikutuluka ndi timikunga toonda ngati zingwe za nsapato. Koma iwe, nyambo ukuika yanji? Nyongolotsi zikhale za kuseri kwa khola la nkhumba, osati za m'munda. Mono uziugoneka pansi pa mizu ya msondodzi pa Dziwe la Akavalo, pakamwa pataloza kunsi, mwala uli pamwamba. Mikunga ya kumtunda siinakhalepo yambiri, chifukwa imachita kulambalala madzi oipa aja kudzera m'timifuleni ta m'dambo. Pirira. Mu Okutobala mvula ikadzaza mtsinje, ikuluikulu imatsika kupita kunyanja, ndipo biyo lidzakubwezera thukuta lako.

Za mapazi a katumbu amene Keziah akuti waona pamchenga kunsi kwa mlatho, muuze kuti katumbu naye amasochera. Amangodutsa ameneyo. Ndipo mwanayo amakatani kumeneko? Ndinanena kuti asamapondeko.

Pa makina anga ndimagwira ndi amuna awiri ochokera kumpoto, cha ku Zambezi. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinkapinda waya kupanga kamono kakang'ono, kungotayitsa nthawi. Mmodzi anandilanda, n'kukonza pakamwa pake, n'kundibwezera akupukusa mutu. Anakonza bwino kuposa ine, Thirza! Chinenero sitimvana, koma ndadziwa kuti naye anasiya mtsinje kwinakwake.

Silas sakupita kuntchito sabata ino, akuti ndi chimfine. Ndikumuphikira msuzi. Akunyoza kuti ndi madzi otsukira mbale, koma akumwa. Ukakumana ndi mkazi wake kutchalitchi, umupatse moni basi, zimenezi usatchule.

Ndatumiza ndalama monga mwa masiku onse. Nkhumba usagulitse, idikire Khirisimasi.

Wako,
Jabez

Johannesburg,
8 Januwale 1905

Wokondedwa mkazi wanga,

Moni wa chaka chatsopano kwa iwe ndi Keziah. Mulungu akusungeni. Ine ndili bwino. Pepa kuti ndakhala chete nthawi yaitali, cholembera chinkandilemera.

Silas tinamuika mu Novembala. Unamva kale, abusa a kuno analembera mkazi wake, choncho sindilemba zambiri. Anali wamng'ono kwa ine. Masiku omaliza ankagona chokhala, atatsamira khoma. Tsiku lina anandiuza kuti, "Jabez, ukadzapita kwathu ukandimwere madzi a pa Dziwe la Akavalo, ngakhale akavalo amakodzeramo." Ndinamuuza kuti akamwe yekha, ine si wantchito wake. Anaseka, ndipo kusekako kunamupweteka. Ndikumusowa, Thirza, chipinda chino chakula. Kumanda a kuno kuli mayina a kwathu ambiri. Ukamayendamo umakhala ngati ukudutsa pakati pa mabenchi a m'tchalitchi mwathu.

Tsopano tchera khutu. A Prowse akamva za Silas ayamba kufunsa za ine. Uziwauza kuti Jabez wanenepa, malaya sakumukwana. Si kuti pali kanthu ayi. Koma munthu amene akudikira makiyi, akangomva kuti mwini dzina lomaliza wayetsemula, salola kulemba dzina lina. Angokhala pansi n'kupinda manja. Makalata anga usamatsegulire papositi, amayi a pamenepo aja maso awo ndi aatali ndipo pakamwa n'poposa.

Zoti madzi osefukira anagumula biyo, mikunga yonse ya Okutobala n'kudutsa iwe ukuonerera, zandipweteka kwambiri. Koma si mlandu wako, zikhomo zija zinali zitafumbwa kale. Ndikudziwa kuti nyengo yachisanuyi yakulemera popanda ndalama ya mikunga. Ngakhale zili choncho, m'chitini usapisemo. Udule mitengo kuseri kwa chigayo, madzi akaphwa uzikonza pang'onopang'ono, Keziah azikunyamulira miyala ing'onoing'ono.

Unafunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Unafunsa ngati ndikuvala sikafu ija unandilukira. Ndikuvala, ngakhale anthu akundiseka kuti mtundu wake ndi wa kabichi.

Ndine mwamuna wako,
Jabez

Johannesburg,
21 Meyi 1905

Thirza,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, kupatula mtima umene wandiwawitsawu.

Msuweni wako Enoch Sleeman wafika kuno kudzafuna ntchito. Ndamulandira, ndamupatsa bedi la Silas. Tikumwa tiyi ndinamufunsa za kwathu, iye n'kuyamba kuseka.

"Alamu, koma mkazi muli naye! Mudzi wonse umaima pamlatho kumuonerera. Siketi wamanga m'chiuno, madzi mpaka m'ntchafu, akuvuula miono ngati mwamuna."

Ndinati, "Pamlatho biyo silioneka. Amamuonerera bwanji?"

"Biyo liti? Ndikunena kunsi kwa mlatho, mpaka pokhota paja, pa ngalande ya mgodi. Mikunga yake ngati mkono wangawu!"

"Enoch, mowa wa m'sitima sunakuchoke."

Anandiyang'ana kapu ili m'malere. "Ha, kani simukudziwa? Ndiye ine ndaika phazi pamoto."

Thirza, n'zoona zimenezi? Makalata onsewa umandilembera za nkhumba, za nyimbo za kutchalitchi, za dzino la Keziah, koma ichi n'kusunga! Ndinakuletsa chinthu chimodzi chokha, chimodzi basi. Madzi amenewo anapha ng'ombe za pafamu ya kutsidya ine ndili mwana, ndinaziona ndi maso angawa zitatupa, miyendo ili m'mwamba. Ukufuna kudyetsa anthu poizoni? Munthu mmodzi yekha akadwala, a Prowse apeza chifukwa chimene akhala akuchifuna, ndiye ine fumbi la kuno ndikulimezeranji? Nanga ukadwala iweyo, Keziah atsala ndi ndani? Ine ndili kutali, ndipo sindingathe... Basi. Uzule miono imeneyo kalatayi ikangofika. Mtsinje umenewo ndinabadwiramo ine, iwe unachita kubwera ndi ukwati.

Enoch akutinso ndaonda. Ndamuuza kuti akalembera zimenezo kwawo ndimuthyola zala. Maso ake ndi amene aonda.

Ndalama za mwezi uno ndi zochepa, ndinajomba masiku angapo.

Jabez

Johannesburg,
3 Seputembala 1905

Wokondedwa mkazi wanga Thirza,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino.

Yankho lako ndinaliwerenga mobwerezabwereza. Poyamba ndinali wokwiyabe, ndinaliponya pansi pa bedi, koma kenako ndinagwada kukalitenga. Ukuti mgodi unatsekedwa zaka zinayi zapitazo, ngalande yake inauma n'kumera udzu, ndipo madzi osefukira amene anagumula biyo ndi omwenso anakokolola matope achikasu aja. Ukuti mkunga woyamba unapatsa mphaka. Mphaka atapanda kufa unadya wekha mwezi wathunthu, Keziah osamulawitsa, ndipo ndi pamene unayamba kugulitsa. Pamenepa ndinaika kalata pansi. Unadya wekha, osauza munthu! Mayi iwe, ukanandipha ndi mantha.

Kenako unalemba kuti, "Iwe ukudziwa mtsinje wa kale, ine ndikudziwa wa m'mawa uno." Pakamwa pakopo! Koma sindikutsutsa. Mgodi utatsekedwa ndinkadutsabe pamlatho umenewo tsiku ndi tsiku pofunafuna ganyu, nkhope nditalozetsa kumtunda. Kunsi sindinasuzumirepo, chifukwa ndinkati ndikudziwa kale. Mawu aja ndinalemba, oti unachita kubwera ndi ukwati, uwafafanize. Anali mawu a munthu wamantha.

Zoti wapeza wogula wa ku London n'zabwino kwambiri. M'mabokosi uziikamo udzu wonyowa, mkunga umafika wamoyo ngakhale sitima ichedwe. Kapena ukudziwa kale, ndingokhala chete. Ukuti chitini chatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndikuona kuti za mikunga zaposa zanga. Zandichititsa manyazi, koma ndakondwa.

Ine makina ndasiya, tsopano ndikugwira pamwamba, kusankha miyala. Malipiro ndi ochepa. Ndangotopa ndi mdima basi. Mnzanga wa ku Zambezi uja sakuonekanso. Nditafunsa, kapitawo anangoti kunabwera wina.

Chinthu chimodzi chandisowetsa mtendere. Ukuti waona salimoni itaima pansi pa mlatho. Usauze munthu, ngakhale abusa. Nsomba imeneyo ndi ya mabwana. A kunyumba yaikulu akadziwa kuti yabwerera mu Wennick, nyumba yathu aifuna kuti azigonekamo alendo awo a mbedza ochokera kutauni, ndipo dzina la mwana salemba pa mtengo uliwonse. Usadikire kuti ndalama zanga zikwane. Mikunga ya Okutobala ikangotsika, pita kwa a Prowse. Usadikire Khirisimasi, Thirza, chonde.

Wako,
Jabez

Johannesburg,
10 Disembala 1905

Wokondedwa Thirza,

Moni nonse. Ine ndili bwino.

Kani a Prowse ndalama aziona, azikonda, koma akuti salemba kanthu mpaka ataona pepala losainidwa ndi abusa a kuno lotsimikiza kuti Jabez Doidge ali moyo? Nkhalamba yochenjera imene ija! Akuganiza kuti ukubisa maliro. Chabwino, pepala lawolo ndi ili.

Ndinapita dzulo. Enoch anandimeta ndevu, n'kundibwereka jekete lake. Anakakamira kundiika nyuzipepala m'mapewa, akuti jekete lake ndi lalikulu, lingandichititse manyazi. Kwa abusa ndi pafupi, koma tinayenda pang'onopang'ono chifukwa kunkatentha.

Titalowa abusa anati, "A Doidge, khalani pansi."

"Ndiima, abusa, ndakhala kokwanira sabata ino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndi omwe aja anaika Silas. Kenako anawerenga pepala lija, n'kuvula magalasi.

"Pepalali likufunsa ngati muli moyo. Muli moyo?"

"Monga mukuoneramu."

"Silikufunsa china. Inenso sindiwonjezera."

Anasaina, n'kundigwira dzanja osalisiya msanga. Potuluka ndinakhala pang'ono pamwala wa pamsewu kuonerera ngolo, Enoch ataima pambali ngati mlonda.

Tsiku limene ulandire kalatayi, lomwelo pita. Kaya kukugwa chipale chofewa, kaya mtsinje wadzaza, pita. Keziah apite nawe, avale diresi la Lamulungu, aime mowongoka kuti amuone kuti ndi mwana wokhalitsa. Usachoke pakhomo pawo usanaone inki itauma. Akakufunsa za kunsi kwa mlatho, unene za mikunga zokha.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Mundikhululukire, pa Chaka Chatsopano mudye nkhumba ija.

Jabez

Johannesburg,
25 Febuluwale 1906

Wokondedwa mkazi wanga Thirza, ndi iwe Keziah Doidge, mwini dzina la pa pangano,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino. Aa, kupepuka kwake kulemba mawu amenewa! Ndawasunga m'kamwa kupitirira chaka.

Kalata yako inafika Lachinayi. Nditawerenga kuti a Prowse alemba dzina la mwana, ndipo iwe unaimirira pomwepo mpaka inki inauma, ndinatsokomola momasuka, mokweza, mpaka a chipinda chinacho anagogoda khoma. Enoch anati, "Alamu, pang'onopang'ono!" Ndinati, "Ndisiye iwe. Chifuwachi tsopano ndi changa ndekha, sichikunyamulanso denga la munthu." Kenako ndinalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ndi matenda a Silas. Ndikulemba ndi pensulo nditatsamira khoma, chifukwa nanenso ndimagona chokhala tsopano. Dokotala akuti ulendo wa panyanja sindingaukwanitse. Ndikuganiza kuti unadziwa kalekale, Thirza. N'chifukwa chake unalowa m'madzi ozizira aja osandifunsa. N'chifukwa chakenso m'makalata ako onse sunandifunsepo kuti ndibwera liti. Tonse awiri tinkalemba za nkhumba. Zikomo, mkazi wanga. Ine ndinabwera kuno kudzapulumutsa nyumba, koma waipulumutsa ndiwe.

A Prowse tsopano uwauze zoona, kaya amayi a papositi awauze okha, zilibe kanthu. Enoch ndamuuza kuti makina obowolera asawakhudze, asonkhe ya sitima abwerere. Akuti aona, ndiye umulembere iwe, mwina mawu ako awaopa.

Keziah, mwana wanga, nyumbayo tsopano yakhala pa iwe. Uzivala nsapato, uzidya, ukalambe mpaka a kunyumba yaikulu atope kudikira. Madzi akatenthera upite pa Dziwe la Akavalo, utunge ndi manja umwe pang'ono. Ndi za Silas Spry, anandituma ine koma sindifika. Za miono uzimvera amayi ako, osati zimene ndinkalemba ine.

Malangizo ena ndilibe, ndangotsala ndi pempho. Thirza, moyo wanga wonse ndakhala m'mbali mwa Wennick, koma theka lake sindinalionepo lili moyo. Undilembere. Uyambire pamlatho, utsike nawo mpaka ku Tamar. Pansi pali mchenga kapena nsangalabwi? Pokhota paja pamera chiyani? Madzi ake amaoneka bwanji dzuwa likamawomba? Mikunga imabisala pati, ndipo katumbu uja anamanga kuti? Salimoni ija inali yaikulu bwanji? Usasiye kanthu, ndipo ndikulonjeza kuti sinditsutsa ngakhale liwu limodzi.

Kalatayi iyenda masabata atatu, yakonso atatu. Ndiyesetsa kudikira. Koma usasungire Lamulungu monga umachitira, lemba tsiku lomwelo.

Ndine mwamuna wako,
Jabez